Momwe mungabisire ndi kuonetsera zitsulo za pawindo mu Revit

Kuno ku Kasungu nyumba ya m'tauni yopanda zitsulo pawindo ndi yosowa, koma mawindo ambiri amene timawapeza kale mu Revit (pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mapulani a nyumba), kapena kuwakopera pa intaneti, amabwera opanda zitsulozo. Ndiye timaziwonjezera tokha, ndipo vuto limayambira pamenepo.

Ine zinandionekera pa pulani ya nyumba ya bambo wina wolima fodya. Zitsulo ndinazijambula bwinobwino, pa 3D zikukongola, koma nditasindikiza pa sikelo ya 1:100 windo lililonse linangotuluka bii, ngati padontha inki. Ndinatenga Linework, chida chosinthira kapena kubisira mizere, n'kumafufuta mzere umodziumodzi mpaka usiku. M'mawa bamboyo anati mawindo akuchipinda akule pang'ono, ndipo nditawasintha mizere yambiri inabwereranso. Ntchito yobisa zitsuloyi malo ake ndi mkati mwa family, fayilo imene windolo linapangidwiramo, ndipo imachitika kamodzi kokha.

Yambani ndi kudina windo lanu mu projekiti, musankhe Edit Family. Mukalowa pitani pa Manage, mutsegule Object Styles. Pansi pa Windows mupeza timagulu tokhalamo kale monga Glass ndi Frame/Mullion. Timagulu timeneti ndi timene Revit imatitcha subcategory. Dinani New, mulembe dzina, muonetsetse kuti gulu lake lalikulu ndi Windows.

Pa dzina ndichedwepo pang'ono, chifukwa ambiri amapunthwa pano. Revit siidziwa kuti Burglar Bars, Burglar Bar ndi Zitsulo ndi chinthu chimodzi. Mawindo atatu okhala ndi mayina atatuwa akalowa mu projekiti imodzi, mukhala ndi timagulu titatu, ndipo mukazimitsa kamodzi twinato titsala tikuonekabe. Ngati muli awiri kapena atatu pa ofesi, gwirizanani dzina limodzi, mulilembe papepala n'kumata pakhoma pafupi ndi kompyuta. Ine ndimakonda dzina lachingerezi pano, pachifukwa chimodzi chokha: fayilo imapita kwa injiniya ku Lilongwe kapena kwina, ndipo iye ayenera kuzindikira msanga chimene akuzimitsa. Ndipo musapange kagulu katsopano pamene kakale kakukwanira. Galasi liikeni pa Glass basi.

Pomwepo pa Object Styles sankhani kukhuthala kwa mzere. Manambala amayambira 1 mpaka 16, ndipo zitsulo zimakhala bwino pa 1, kuti felemu izionekera kuposa izo. Ikaninso Material yake, kuti chitsulo chilichonse chimene mwachisiya pa By Category chizitengera pamenepo.

Kagulu kapangidwa, koma mulibe kanthu. Sankhani zitsulo zonse zimene munajambula, muyang'ane pa Properties, pansi pa Identity Data pali Subcategory. Sankhani dzina lija. Mukaiwala chitsulo chimodzi, chidzatsala chokha pawindo tsiku limene mudzazimitse zinzake, ndiye werengani.

Tsopano kaonekedwe. Zitsulo zili chisankhire, dinani Visibility Settings. Bokosi limene lituluke lili ndi mbali ziwiri. Yapamwamba ikufunsa kuti chinthucho chizioneka kuchokera kuti: Plan/RCP, Front/Back, Left/Right, ndi When cut in Plan/RCP. Chotsani chizindikiro pa ziwiri zonse za pulani, musiye Front/Back, chifukwa mwininyumba amafuna kuona zitsulo zake akayang'ana nyumba chakumaso. Yapansi ndi Coarse, Medium ndi Fine, milingo ya kuchuluka kwa tsatanetsatane amene chojambula chimaonetsa. Ine ndimasiya Fine yokha. Potero mapepala a 1:100 opita ku khonsolo, amene ndimawaika pa Coarse kapena Medium, amatuluka oyera, pamene chojambula cha 1:20 chopita kwa wowotcherera chimaonetsa chitsulo chilichonse ndi mpata wake.

Komabe mmisiri womanga ayenera kudziwa pa pulani kuti windo ili lili ndi zitsulo. Tsegulani pulani ya family, pitani pa Annotate, mutenge Symbolic Line, musankhe kagulu komwe kaja, n'kujambula mzere umodzi chamkati mwa felemu. Umangirireni ku ma reference plane (mizere yolondolera miyezo ya windo) a m'mbali podina kaloko kamene kamatulukira pamenepo, kuti windo likakula mzere uzitsatira. Mzere umodzi ukuimira zitsulo zonse, ndipo pulani imapepukako, zimene laputopu yokalamba imayamikira.

Nanga ngati windo lina, monga kawindo kapamwamba ka kubafa, mwiniwake sakufunapo zitsulo? Musapange family ina. Sankhaninso zitsulo, pa Properties mupeze Visible, ndipo kumanja kwake kuli kabatani kakang'ono kwambiri kosavuta kukaphonya. Kadineni, mupange parameter yatsopano ya Yes/No, kabokosi koyatsira ndi kuzimitsira zitsulozo. Mukaipanga Instance, windo lililonse muzilisankhira palokha; mukaipanga Type, mawindo onse a mtundu umenewo azisintha limodzi. Mzere wa pa pulani uja nawonso ulumikizeni ku parameter yomweyo, apo ayi pulani izinena kuti zitsulo zilipo pamene palibe. Ngati mukufuna kuti schedule (tebulo la mndandanda wa mawindo) ikuwerengereni mawindo ofunika zitsulo, kuti wowotcherera akupatseni mtengo weniweni, parameter imeneyi ikhale Shared, chifukwa wamba siituluka pa schedule.

Musadabwe kuona kuti mkati mwa family zinthu zimene mwazimitsa zikungotuwa osachoka. Ndi mmene Revit imachitira kuti muzitha kuzigwira. Yatsani Preview Visibility pansi pa sikirini, musinthesinthe Coarse, Medium ndi Fine, muone zimene zidzatulukedi.

Mukakhutira, dinani Load into Project, muvomere Overwrite the existing version. Pa view (chojambula monga pulani kapena 3D) iliyonse lembani VG pa kiyibodi, mutambasule Windows, ndipo kagulu kanu kali pomwepo ndi bokosi lake lozimitsira. Chimodzi chodziwiratu: ngati projekiti inali kale ndi kagulu ka dzina lomwelo, imasunga mizere ndi mtundu wake wakale, za mu family siziwerengedwa. Zikatero konzani pa Object Styles ya projekiti.

Zosankha za VG zisungeni mu View Template, imene mungaike pa ma view ambiri, ina ya mapepala a khonsolo, ina ya amisiri. Kenako bwezerani njira yomweyi pa waya wotchinga udzudzu ndi pa chitseko chachitsulo chija timaika kunja kwa chitseko cha thabwa, chilichonse ndi kagulu kake. Musanatumize, sindikizani pepala limodzi la A3 muliyang'ane m'manja, chifukwa pa sikirini mzere wopyapyala ndi wokhuthala zimaoneka ngati zofanana.