Penti ibwere pomalizira

Ngati mukumanga njinga yamoto ya pachionetsero, musathamangire penti. Yambani mwaimanga yonse isanapakidwe: injini, thanki, chishalo, mawaya, ngakhale kabawuti kakang'ono. Khalanipo, pindani chiwongolero uku ndi uku muone ngati sichikugunda thanki. Mabowo onse booleranitu, zowotcherera zitheretu. Kenako phwasulani mukapake. Ine ndinapupuluma, ndipo kachitsulo kamodzi kogwira paipi ya utsi kanandikakamiza kuwotcherera pa felemu yopakapaka kale. Zinandiwawa zedi.

Mukasankha penti ya ufa, ija amaiwotcha mu uvuni pa madigiri pafupifupi 200, chotsani labala ndi pulasitiki yense, tsekani mabowo a mabawuti, ndipo phimbani pomwe padzamangidwe waya wa ethi (waya wolumikiza magetsi a njinga ku chitsulo cha felemu) kuti pakhale chitsulo chokhachokha. Nambala ya felemu musaipale.