Python ikamakana kuitana method ya kalasi kholo

Zolakwika zambiri zimene ndimapeza m'makodi a anzanga ongoyamba kumene Python zimachokera pa self, dzina loimira chinthu (object) chimene method, function ya m'kalasi, ikugwirapo ntchito: aperekedwe liti, asiyidwe liti.

Tinene kuti muli ndi kalasi Galimoto, yomwe __init__ yake (method yoyenda chinthu chatsopano chikamapangidwa) imalandira nambala, ndipo kalasi Minibasi, mwana, ikutengera kwa iyoyo, kholo lake. Kholo mungaliitane m'njira ziwiri:

super().__init__(nambala)
Galimoto.__init__(self, nambala)

Pa njira yoyamba, super() imadziikira self yokha. Mukamuwonjezera, Python imadandaula kuti "takes 2 positional arguments but 3 were given". Anthu amazunguzika: ndapereka ziwiri, chachitatu chachokera kuti? Ndi self uja amene super() yaika kale. Fufutani self amene mwalemba inuyo basi. Pa njira yachiwiri self mumalemba nokha. Mukamuiwala, nambala imakakhala pamalo pake, ndiye uthenga umati "missing 1 required positional argument: 'nambala'" pomwe nambalayo mukuiona ndi maso.

Vuto lozunza kwambiri ndi kusaitana kholo n'komwe. Minibasi ikakhala ndi __init__ yakeyake, ya Galimoto siyendanso yokha, ndipo Python imangokhala chete. Mudzagundana ndi AttributeError, uthenga woti nambala palibe, patali, pamzere umene ukufuna nambala, mpaka n'kumakonza pamalo posalakwa. Bwererani ku __init__ ya mwana. Ine mzere wa super() ndimauika poyamba penipeni, chifukwa makalasi ena salola kuchedwa: mu PyTorch, laibulale yomangira ma neural network, kalasi yotengera kwa nn.Module imakana kulandira ma layer (zigawo za network) kholo lisanaitanidwe. Nayo kalasi yotengera kwa threading.Thread, yoyendetsera ntchito zingapo nthawi imodzi, imaponya RuntimeError pa start() ngati simunaitane kholo.

Makolo akakhala awiri, super() imapita kwa wotsatira pamndandanda wotchedwa MRO (Method Resolution Order, dongosolo limene Python imatsata pofunafuna method), amene mwina si kholo lomwe mukuganiza. Lembani print(Minibasi.__mro__) muone mndandandawo musanalote zina. Ndipo njira ziwiri zija musazisakanize m'banja limodzi la makalasi, apo ayi __init__ ina iyenda kawiri kapena idumphidwa.

M'makodi akale mupeza super(Minibasi, self). Ndi kalembedwe ka Python 2, yomwe anasiya kuisamalira mu 2020, koma kamagwirabe ntchito. Chimene sindilola ndi super(self.__class__, self). Chimaoneka chanzeru, koma kalasi ina ikangotengera kwa Minibasi, method imadziitana yokha mosalekeza mpaka RecursionError. Chotsani zonse zili m'kati, musiye super() yopanda kanthu.