Mwana akamakanirira pa TV, kamuyezetseni maso

Azimayi anzanga kuno ku Joni, mwana sanena kuti sakuona bwino, iye amangoyesa aliyense amaona choncho. Wanga ankaika foni pamphuno penipeni, kutikita maso, kupendeketsa mutu, ine kumangomukalipira osadziwa.

Yesani kunyumba. Mutsekeni diso limodzi ndi dzanja, aime patali atchule zithunzi zapakalendala, kenako linalo. Akamavutika, kapena diso lina likamathawira kumbali, pitani kukiliniki ndi kabuku kake ka Road to Health, akuuzani ngati mpofunika St John Eye Hospital ku Bara (chipatala cha Baragwanath), Soweto. Mukaona kadontho koyera pakamwana kadiso, thamangani tsiku lomwelo.

Akati magalasi musaope, saononga maso ayi. Sankhani apulasitiki okhala ndi kalamba kumbuyo, ndipo musadikire apitirire zaka 7, diso lofooka limavuta kukonza akakula.