Momwe mungasankhire ndi kukonzekeretsa njinga yamoto yoyendera kunja kwa tala ku Salima ndi ku Nkhotakota

Malo ambiri amene munthu angafune kukafika ku Salima ndi ku Nkhotakota ali kutali ndi tala wa M5. Kulowera ku Lifuwu, ku Kuti, ku Mwansambo kapena m'midzi ya asodzi m'mbali mwa Chia, mupeza mchenga wakuya m'chilimwe ndi matope a makande m'dzinja. Njinga yamoto imene ingakufikitseni kumeneko n'kukubwezani ndi imene mungaidzutse nokha ikagwa, ndiponso imene makaniko wa pa Kamuzu Road kapena pa Dwangwa angaikonze tsiku lomwelo. Zina zonse zimatsatira mfundo imeneyi.

Choyamba: yang'anani kulemera musanayang'ane mphamvu

Mumchenga aliyense amagwa, ngakhale katswiri. Funso ndi lakuti mukagwa kachitatu dzuwa la Okutobala lili paliwombo, mudzakhala ndi mphamvu zoidzutsanso? Yamaha XTZ125 imalemera makilogalamu pafupifupi 120, Honda XR150L pafupifupi 130, Honda CRF300L 142, Suzuki DR650 166. Yamaha Ténéré 700 imadutsa pang'ono 200, ndipo BMW R1250GS imafika pafupifupi 250, ndiye kuti matumba asanu a chimanga a makilogalamu 50, katundu wanu musanamangepo. Njinga zikuluzikuluzi ndi zabwino kwa alendo ochokera ku Johannesburg kupita ku Nairobi, amene ulendo wawo wambiri uli pa tala. Kwa munthu wokhala kuno, ine ndimati musapyole makilogalamu 170, ndipo ngati mukungoyamba kumene, khalani pakati pa 125cc ndi 300cc.

Ikwereni musanalipire. Phazi limodzi lizifika pansi bwinobwino. Kenaka pemphani mwini wake muigoneke pa udzu, muyese kuidzutsa nokha.

Chachiwiri: mawilo, injini ndi mafuta

Wilo lakutsogolo likhale lalikulu ndi la masipoko. La mainchesi 21, monga lili pa XTZ125, CRF300L ndi DR650, limadutsa maenje ndi mizu mosagwedeza kwambiri manja. La 19 la XR150L nalonso limakwanira. Ma Lifo ndi njinga zina za kabaza zimafika kulikonse, tonse timaziona zitanyamula matumba a usipa, koma mimba yake ili pafupi ndi nthaka, ndipo ma shock ake ndi aafupi. Zimapirira, koma msana wa wokwera ndi umene umalipira. Malimu otsanulidwa opanda masipoko akamenya mwala amang'aluka, pamene la masipoko limapindika ndipo okonza njinga pamsika amaliwongola.

Injini yoziziritsidwa ndi mpweya ilibe radiator yoti ingaboole kapena kutsekeka ndi matope, ndipo yogwiritsa ntchito kabuleta makaniko aliyense amaitsegula n'kuitsuka. Za fuel injection, zimene zimapopera mafuta mu injini ndi pampu m'malo mwa kabuleta, monga CRF300L, sizimwa mafuta ambiri, koma pampu yake imadana ndi petulo wakuda. Nkhani imeneyi ndi yaikulu kuno chifukwa mafuta akasowa pa filling station timagula a m'zigubu. Khalani ndi kansalu koyera kosefera pothira, ndipo pa njinga ya kabuleta ikani kasefa kakang'ono pa paipi yochoka ku thanki. Kumbukiraninso kuti petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, wina mwa iye wopangidwa konkuno ku Dwangwa kumene kampani ya Ethco yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1982. Ethanol amakoka chinyezi, choncho njinga ikamakhala milungu ingapo osayenda, tsekani mafuta ndi kukhuthula otsala m'kabuleta.

Thanki nayo muyiwerengere. Ya CRF300L ndi malita 7.8 okha, pamene mtundu wake wina wotchedwa Rally umanyamula 12.8. Kuchoka pa Salima kufika pa boma la Nkhotakota ndi makilomita opitirira pang'ono 100, ndipo mumchenga njinga imamwa koposa pa tala.

Chachitatu: pogula yogwiritsidwapo kale ntchito

Fikani m'mawa injini isanalizidwe, muigwire ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Ikalira mosavuta popanda utsi wabuluu, ndi chiyambi chabwino. Pitani ndi sipanala yaing'ono mugogode masipoko limodzilimodzi: lolimba limalira ngwee, lomasuka limangoti phwa. Onani ngati oyilo akuchucha pa ma shock akutsogolo, gwedezani mawilo cham'mbali kuti mumve ma bearing, ndipo mano a sipuloketi akakhala osongoka ndi opindikira mbali imodzi, dziwani kuti tcheni ndi masipuloketi onse awiri ndi zofunika kusintha. Nambala ya pa chasisi ndi ya pa injini zifanane ndi za mu blue book, ndipo mapepala a msonkho wa MRA akhalepo. Njinga yotchipa yopanda mapepala muisiye. Ku Road Traffic laisensi ya A1 ndi ya njinga zosapyola 125cc, zoposa apo zimafuna A, ndipo inshulansi ya third party ndi lamulo.

Chachinayi: matayala ndi mpweya wake

Ndalama zoyamba mukagula njinga zipite ku matayala a mano akuluakulu ndi machubu okhuthala. Minga ya mthethe ndi zitsa za m'minda yotenthedwa siziona kuti njinga ndi ya mtengo wanji.

Pa tala tsatirani mpweya wolembedwa m'buku la njingayo. Mukalowa msewu wa fumbi ndi njinga yopepuka, tsitsani kufika pa 18 mpaka 20 psi pa geji yoyezera mpweya, ndipo mumchenga wakuya pafupifupi 15. Tayala lofewa limatambasuka n'kuyandama pamwamba pa mchenga m'malo mokumba. Koma mukatsitsa kwambiri popanda rim lock, kachipangizo kopanikiza tayala ku limu, tayala limaterereka pa limu n'kukoka chubu mpaka valavu kuduka, ndipo pamenepo chigamba sichithandiza. Nayi njira yoonera vutoli lisanafike: kanati ka pa valavu musakamange mpaka pa limu, kabwezeni kumtunda kakakhudze kachivindikiro. Mukaima, suzumirani. Valavu ikayamba kupendekeka, tayala layenda, phwetsani muliwongole. Mukabwerera pa M5 popani nthawi yomweyo, chifukwa tayala lofewa pa tala wotentha limapsa msanga. Kageji ka mpweya ndi pampu ya njinga yakapalasa zikhale m'chikwama nthawi zonse.

Chachisanu: ikonzeni kuti muziyendetsa choimirira

Kunja kwa tala mumayendetsa mutaimirira pa zopondera, maondo opindika pang'ono atagwira thanki. Ikani njinga pa chipika, muimirire, muone ngati manja akufika pa chiwongolero osawerama kwambiri. Masulani ma lever a buleki ndi kilatchi, muwapendeketsere pansi kuti dzanja lisapindike pa mfundo, ndipo pomanga musalimbitse kotheratu, kuti mukagwa azizungulira m'malo mothyoka. Ngati zopondera zili ndi mphira wochotseka, chotsani, chifukwa ukanyowa umaterera.

Shock yakumbuyo muikonze molingana ndi thupi lanu ndi katundu. Wilo lili m'malere, yezani kuchokera pa ekiselo kufika pamalo amodzi pa madigadi. Kenaka khalanipo mutavala zonse, katundu atamangidwa, mnzanu ayezenso. Njinga itsike pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse umene shock imayenda. Pa CRF300L, imene shock yake imayenda mamilimita 260, ndi masentimita 8 kapena 9. Ikatsika kuposa apo, limbitsani sipuling'i, apo ayi kutsogolo kumapepuka ndipo njinga imangoyendayenda mumchenga.

Chachisanu ndi chimodzi: zoteteza

Mbale yachitsulo pansi pa injini ndi zotchinga manja zokhala ndi chitsulo mkati ndizo zofunika. Mbaleyo owotcherera angakupangireni, bola asiye bowo lokhuthulira oyilo ndi mipata yolowera mpweya. Madigadi akutsogolo akhale okwera, chifukwa makande akadzaza pakati pa tayala ndi madigadi otsika, wilo limaima n'kukugwetsani. Inunso muvale chisoti chomanga bwino, jombo zofika m'miyendo, magolovesi ndi zoteteza maondo.

Chachisanu ndi chiwiri: fumbi

Chimene chimapha injini zambiri kuno ndi fumbi lolowa pa sefa ya mpweya. Sefa ya siponji muitsuke ndi palafini kenaka madzi a sopo, iume pamthunzi, muipake oyilo ponseponse n'kuifinya osaipotokola, ndipo m'mphepete mwake mupake girizi pang'ono. Ya pepala siitsukidwa, imangosinthidwa. Mukaichotsa, lowetsani chala choyera mu paipi yopita ku injini. Chala chikatuluka ndi fumbi, pali pamene pakudutsa mpweya wosasefedwa, ndipo mupapeze musanalizenso njinga. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, ionani sefayi mukangobwera ku ulendo uliwonse wautali, makamaka ngati munali pambuyo pa malole a nzimbe kapena anzanu.

Tcheni musachipake girizi wokhuthala, amagwira mchenga n'kumadya mano. Chitsukeni, mupake oyilo wochepa, mupukute. Musachikoke kwambiri ngati cha kabaza: njinga ya ma shock aatali imafuna tcheni chomasukirapo, ndipo muyeso wake walembedwa m'buku kapena pa chitsulo chogwira wilo lakumbuyo. Ngati giya yoyamba ikuthamanga kwambiri m'tinjira, ikani sipuloketi yakutsogolo yochepa ndi dzino limodzi.

Chomaliza: katundu ndi ulendo woyesera

Zikwama zofewa zomangidwa m'mbali ndi zabwino kuposa mabokosi achitsulo, amene amathyola mwendo mukapondetsa phazi mumchenga. Zolemera zikhale pansi ndi pafupi ndi mpando. Musasiye chubu chapadera, zitsulo zochotsera tayala, zigamba, pulagi, cholumikizira tcheni, waya, masipanala a ma ekiselo ndi madzi akumwa okwanira. Chubu cha mainchesi 21 chimalowanso kumbuyo zinthu zikavuta mpaka mutafika pamsika.

Yambani ndi ulendo waufupi pafupi ndi kwanu muli awiri. Mumchenga thupi libwerere kumbuyo, giya yachiwiri, moto osadula, maso patali. Pa mtsinje funsani eni mudzi poolokera, popeza ku Bua ndi ku Chia kuli ng'ona, ndipo madzi asafike polowera mpweya. Njinga ikazimira m'madzi musailize, ikankhireni kumtunda, chotsani pulagi ndi sefa, mutulutse madzi kaye. Pa M18 yodutsa m'nkhalango ya Nkhotakota muli njovu zambiri chibweretsereni bungwe losamalira nyama la African Parks zina pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017, choncho mverani malangizo a pa geti ndipo musapatuke mumsewu. Mukabwerako, injini itazizira, gogodaninso masipoko, limbitsani mabawuti a mbale ya pansi ndi a chonyamulira katundu, muonenso oyilo.