Kuphunzitsa literature kuti ana azimva zimene akuwerenga

Aphunzitsi anzanga amene mwangopatsidwa Chichewa cha Fomu 3, za silabasi ndi mndandanda wa mabuku amene a MANEB amafunsapo pa MSCE sindikambapo, mukudziwa kale kozipeza. Tiyambire pa buku lenilenilo.

Choyamba, buku lifike m'manja mwa mwana. Pa sekondale yoyendera (CDSS) imene ndinayambira ntchito, kalasi ya ana oposa 70 inali ndi mabuku 9 okha. Ndinawagawa m'magulu, gulu lililonse buku limodzi, mtsogoleri wa gulu n'kusainira kuti likasowa tidziwe kofunsa. Fotokope imathandiza pa nkhani zazifupi, koma chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pepala lasanduka ndiwo ya alendo. Ndakatulo yaifupi ingolembani pabolodi, ana akopere. Pokoperapo amakhala aiwerenga kale kamodzi. Mukapita kofotokopa, onani tsamba lililonse musanalipire: anyamata ena amadula mzere wam'munsi, ndakatulo n'kufika m'kalasi yopanda mchira.

Chachiwiri, nkhani imveke m'makutu. Yambani ndinu kuwerenga mokweza ndime ziwiri kapena zitatu, kenaka ana alandizane. Ndakatulo iwerengedwe kawiri musanafunse chilichonse. Sewero agawane mbali, aimirire kutsogolo. Akakumana ndi chining'a kapena mwambi wachilendo musaimitse wowerenga, ena angolemba mawuwo m'kope, mudzawamasulira limodzi pamapeto.

Chachitatu ndi mafunso apamwamba: ndani, kuti, liti, chachitika n'chiyani. Mwana mmodzi afotokoze nkhaniyo m'mawu ake buku litatsekedwa, anzake amukonze. Mphindi khumi zakwana.

Chachinayi ndi umboni wa m'buku. Apa ndiye pamene ine ndinagwa chagada, ndipo ndikhalitsapo.

Chaka changa chachiwiri nthawi inandithera. Teremu yachiwiri ikupita kumapeto, buku la nkhani yaitali tinali tisanafike nalo n'pakati pomwe. Tsiku lina ndili kudepoti ndinaona venda atayala timabuku ta manotsi, tija tolembedwa kuti "mayankho onse a MSCE", topanda dzina la wolemba ngakhale la wosindikiza. Mtengo wake unali wochepera kutali poyerekeza ndi buku lenileni. Ndinagula kamodzi. Milungu itatu yotsatira ndinkangoima kutsogolo kuwerenga manotsi, ana akulemba: mpangankhani (munthu wa m'nkhani) uyu ndi wakhalidwe lakuti, phunziro la mutu uwu ndi lakuti. M'kalasi munali zii, ine n'kumati zinthu zikuyenda.

Anabwera mayeso oyeserera, aja timati moko. Pochonga ndinapeza mayankho ofanana ngati anakhala pa desiki imodzi, mpaka mpumiro pamalo amodzi. Mtsikana mmodzi yekha ndiye analemba zosiyana ndi anzake, ndipo ndinamuthetha. Mawa lake pa buleki anabwera ku ofesi ya aphunzitsi, buku lili m'manja, chala chili pakati pa masamba. Anagwada pafupi ndi tebulo langa.

"Aphunzitsi, pepani. Apa mwandithetha, koma m'bukumu amene anagulitsa munda si malume aja, ndi mchimwene wawo."

Ndinawerenga pamene panali chala chakecho. Ankanena zoona. Kabuku ka kudepoti kanasinthanitsa mayina a anthu awiri, ine n'kudyetsa kalasi yonse bodzalo, ndipo yekhayo amene anawerengadi buku ndi amene ndinamulanda malikisi. Aphunzitsi anzanga anangoweramira m'makope awo ngati sakumva.

Kuyambira tsiku limenelo funso langa lalikulu m'kalasi ndi limodzi: "Waziona pati?" Mwana akanena kuti mpangankhani ndi wadyera, aloze mzere. Akanena kuti woyankhula m'ndakatulo ndi mayi wamasiye, atchule mawu amene amuuza zimenezo. Manotsi amabwera pambuyo, ndipo amachokera m'zimene ana apeza okha.

Kuti azolowere, ndimayamba ndi kankhani kanga ka ziganizo ziwiri pabolodi:

Amayi anatulutsa mbale zinayi monga mwa masiku onse. Atakhala pamkeka anaziyang'ana, natenga imodzi n'kukaibweza m'nyumba osayankhula kanthu.

Ndikafunsa kuti amayi anatulutsa mbale zingati, manja onse m'mwamba. Ndikafunsa kuti pakhomopa pachitika chiyani, kalasi imayamba yazizira. Dikirani, musawayankhire, ngakhale mphindi yathunthu idutse. Wina amati bambo amwalira. Wina amati mwana wapita ku Joni. Mnyamata wina wa kumbuyo anati bambo akagona kwa mkazi wamng'ono, kalasi yonse n'kufa nacho chikhakhali, koma atafunsidwa umboni anati: "Osayankhula kanthu, aphunzitsi. Akanakhala maliro bwenzi akulira." Ndinamupatsa. Mtsikana wina anamutsutsa ndi mawu akuti "monga mwa masiku onse", nati dzanja la amayi silinazolowere, ndiye kuti munthuyo wachoka posachedwa ndipo sabweranso. Nayenso ndinamupatsa. Amene ananena kuti mbaleyo inali yakuda sindinamupatse, chifukwa m'ziganizomo mulibe mawu oikira kumbuyo zimenezo. Apa ndi pamene ana amaona okha kuti mayankho olondola atha kukhala awiri kapena atatu, koma si lililonse.

Chenjerani ndi yankho lija la m'thumba lakuti "nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti tizimvera makolo". Ana amalinyamula kuchokera ku pulayimale ndipo amaliponya pa ndakatulo iliyonse, ngakhale yokamba za chilala. Ine ndinaliletsa teremu yathunthu, pokhapokha munthu atabwera ndi mizere iwiri yoikira umboni.

Chachisanu, zipangizo za mlembi: chifanifani, chibwereza, zining'a, miyambi. Musayambe ndi matanthauzo oti aloweze. Apeze kaye mawu amene awagwira mtima, anene chimene mawuwo akuchita pamenepo, dzina lake muwauze pomaliza. Mwana wongodziwa kuti "ichi ndi chibwereza" koma osanena chifukwa chimene mlakatuli wabwerezera, wangoyenda theka la ulendo.

Chachisanu n'chimodzi, kulemba. Mfundo, umboni wa m'buku, kufotokoza. Ndime imodzi pa sabata, asinthane makope achongerane, inu muzingotengapo khumi. Makope 70 sabata iliyonse simungathe, musadzinamize.

Zotsalazo mukuzidziwa. Mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo muwatulutse buku likatha, osati lisanathe, ndipo pemphani kwa aphunzitsi a sukulu yoyandikana nayo m'malo mogula ongotumizirana pa WhatsApp, amene ena ndi a silabasi yakale. Mabuku aja muziona ngati alipo onse pa Lachisanu lililonse ana asanaweruke. Anga 9 aja pofika Julayi anatsala 7, limodzi lopanda chikuto.