Kuyesa ngati tsamba lofiira limapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa

Funso ndi lakuti tingatsimikize bwanji kuti bonongwe wofiira amachita photosynthesis (kupanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa) ngakhale masamba ake sali obiriwira. Musanayambe, pezani tsamba la bonongweyo lomwe lawombedwa ndi dzuwa kwa maola 6, poto, madzi, sipiriti, kabotolo kagalasi, ayodini ndi mbale yoyera.

1. Thyolani tsambalo masana, chifukwa usiku chomera chimagwiritsa ntchito sitachi, chakudya chomwe chinasunga m'masamba.

2. Liwiritseni m'madzi kwa mphindi 2. Madzi adzafiira ndipo tsamba lidzayamba kuoneka lobiriwira, pakuti utoto wofiirawo umasungunuka m'madzi pomwe chlorophyll (utoto wobiriwira wa m'masamba), yomwe inangophimbika, imatsalira.

3. Zimitsani moto, ikani tsamba m'kabotolo ka sipiriti, ndipo muimike kabotoloko m'madzi otentha aja kwa mphindi 10 kufikira tsamba litayera. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amatereka sipiriti pamoto, chonsecho nthunzi yake imayaka msanga. Sipiriti imawira pa madigiri pafupifupi 78, choncho madzi ongophula kumene ndi okwanira. Kuchotsa tsamba lisanayere nakonso kumasokoneza zotsatira, popeza kubiriwira kotsalako kumabisa mtundu wa ayodini.

4. Viikani tsamba m'madzi ofunda kuti lifewe.

5. Liyaleni pa mbale ndi kudonthezapo ayodini. Likada mosakanikira ndi buluu, ndiye kuti muli sitachi, yomwe chomera chinapanga kuchokera ku madzi ndi mpweya wa carbon dioxide.

6. Bwerezani ndi tsamba la chomera chomwe chakhala mumdima kwa maola 48. Ili lidzangokhala lachikasu ngati ayodiniyo.