Mmene Mungathandizire Mwana Wanu Amene Wangoyamba Sekondale

Ana ambiri amalowa sekondale ali ndi zaka zapakati pa 12 ndi 14, nthawi imene thupi lawo lili kalikiliki kusintha. Kachiwalo kakang'ono kamene kali pansi pa ubongo kamatulutsa mahomoni, timadzi ta m'thupi timene timayendetsa kutha msinkhu, ndipo kusinthaku kumayamba pakati pa zaka 8 ndi 13 kwa atsikana, pomwe kwa anyamata ndi pakati pa zaka 9 ndi 14. N'chifukwa chake m'kalasi imodzi mumapezeka mtsikana wooneka wamkulu ndithu, pambali pake patakhala mnyamata amene akadali ndi nkhope ya kupulayimale, onse obadwa chaka chimodzi. Choncho musamayerekeze mwana wanu ndi anzake, ngakhale mwanthabwala, pakuti iyeyo amadziyerekeza kale tsiku ndi tsiku ndipo zimamudya mumtima.

Chofunika kwambiri, chimene makolo ambiri timachichedwetsa chifukwa cha manyazi, ndicho kumuuza mwana zinthu zisanamuchitikire. Mtsikana amayamba kusamba pakapita zaka pafupifupi ziwiri kapena zitatu kuchokera pamene mawere ayamba kumera, ndiye mukaona chizindikiro chimenechi mudziwe kuti nthawi yolankhula yakwana. Mufotokozereni chimene adzaone, mumuonetse mmene mapadi amavalidwira, ndipo mumuikire awiri kapena atatu ndi kabudula wamkati wapadera m'kathumba kamene azikasunga m'chikwama cha kusukulu. Mwana amene wakonzekeredwa motere, tsikulo likamupeza m'kalasi, amangopempha kutuluka n'kukadzisamalira. Amene sanauzidwe amakhala pampando mpaka anzake onse atatuluka, juzi atamanga m'chiuno, akuganiza kuti wadwala. Mumuuzenso kuti m'zaka zoyambirira msambo umatha kudumpha miyezi, ndipo zimenezi si zachilendo.

Anyamata nawo amaiwalidwa kawirikawiri, ngati kuti iwo amangodziwa okha. Mnyamata ayenera kumva kwa bambo ake, kapena kwa wamkulu wina amene amamukhulupirira, kuti mawu ake adzayamba kusweka asanakhazikike, kuti adzatulutsa umuna ali m'tulo, komanso kuti mawere ake akhoza kutupa pang'ono n'kumapweteka, zimene zimachitikira anyamata ambiri ndipo nthawi zambiri zimatha zokha. Nkhani zimenezi sizifuna msonkhano waukulu. Zimalowa bwino pang'onopang'ono, mukugwira ntchito limodzi kapena mukuyenda panjira, pamene mwanayo sakukakamizika kukuyang'anani m'maso.

Pa nthawi imene akukula mofulumira, mwana amatha kutalika masentimita 8 mpaka 10 m'chaka chimodzi, ndipo mapazi ndi manja ndi zimene zimatsogola, kenako miyendo ndi mikono. Akamagunda zitseko ndi kugwetsa makapu, si kusasamala ayi. Akuphunzira kuyendetsa thupi limene silinali lotere miyezi ingapo yapitayo. Ziphuphu zimabwera chifukwa khungu layamba kutulutsa mafuta ambiri, osati chifukwa cha uve, ndipo chofunika ndi kusamba kumaso kawiri patsiku mosakhula kwambiri, osazifinya. Za fungo la thukuta muuzeni muli awiri.

Nkhani ya tulo ndi imene imayambitsa mikangano yosafunika m'nyumba zambiri. Pa msinkhu umenewu ubongo umachedwa kutulutsa melatonin, mahomoni amene amabweretsa tulo, moti mwana amene kale ankagona msanga tsopano amakhala maso ali gwa mpaka usiku, m'mawa n'kumavutika kudzuka. Komabe thupi lake limafuna maola 8 mpaka 10. Musamutche waulesi. Gwirizanani naye nthawi yogona, werengerani kuchokera pa ola limene ayenera kudzuka, ndipo ngati ali ndi foni, izigona kunja kwa chipinda chake.

Mtima nawo umasinthasintha, ndipo chifukwa chake chili mu ubongo momwemo: mbali imene imachititsa munthu kutengeka ndi kufuna zosangalatsa imakhwima msanga, pomwe mbali yakutsogolo, imene imathandiza kudziletsa ndi kuganizira za mawa, imapitiriza kukula mpaka munthu atadutsa zaka 20. Mwana amene dzulo ankakuuzani zonse, lero mukamufunsa kuti zayenda bwanji kusukulu amangoti "bwino" n'kutseka chitseko. Musathamangire kumuona ngati wachipongwe. Mulekeni apume, kenako mufunseni za chinthu chimodzi chenicheni, monga phunziro limene ankaliopa kapena mnzake amene anayambana naye, ndipo akayamba kulankhula, musamudule ndi malangizo. Akamatsutsa malamulo anu, nthawi zambiri n'chifukwa chakuti wayamba kuganiza mozama ndi kufuna zifukwa, choncho mupatseni zifukwazo. Malamulo okhudza chitetezo chake, monga kudziwa kumene ali, amene ali naye ndi nthawi yobwerera, akhale ochepa koma osagwedezeka; pa zinthu ngati zovala ndi nthawi yolembera homuweki, muloleni azisankha yekha. Anzake muwadziwe maina ndi nkhope, pakuti pa msinkhu uno mawu awo amalemera kwambiri m'makutu mwake.

Pali zinthu zina zimene simuyenera kudikira kuti zithe zokha. Pitani naye kuchipatala ngati mtsikana wafika zaka 13 mawere asanayambe kumera kapena zaka 15 asanayambe kusamba, ngati mnyamata wafika zaka 14 popanda chizindikiro chilichonse cha kutha msinkhu, kapena ngati msambo ukumupweteka mpaka kumulepheretsa kupita kusukulu. Chitaninso chimodzimodzi ngati wakhala wachisoni kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, wasiya zimene ankakonda, wasiya kudya kapena akudzivulaza. Akatchula zofuna kufa, musamukalipire ndipo musamusiye yekha. Khalani naye, ndipo mupeze thandizo tsiku lomwelo.